Magetsi akazima, bandulo ikatha, zolemba zanu zimakhala kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ndawapempha kuti ndiwayankhe poyera chifukwa vuto lawo ndi la ambiri a ife, ndipo avomera bola ndisatchule dzina. Kalata yawo ndayifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Achimwene, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kukalasi ya digiri. Ndinenso mlembi wa sosaite yathu ya maliro. Kuwonjezera apo ndayamba kulemba zimene bambo anga amandisimbira za ulendo wawo wochokera ku Dedza, poti akula ndipo tsiku lina tidzasowa wofunsa. Zonsezi zangomwazikana. Zina zili m'makope, zina ndimadzitumizira ndekha pa WhatsApp, zina zili mu pulogalamu ina ya pafoni. Lamulungu lina pamsonkhano wa sosaite bandulo inandithera, pulogalamu ija inakana kutsegula maminitsi, ndipo ndinachita manyazi pamaso pa akuluakulu. Ndili ndi laputopu yakale ya Windows 10, RAM yake 4 GB. Mwana wa achimwene anga akuti ndiikemo Obsidian, akuti ndi ubongo wachiwiri. Kodi n'zoona? Ilipo pulogalamu yolembera yosafuna intaneti, yosalipiritsa mwezi ndi mwezi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Za Lamulungu lija musadziimbe nazo mlandu, simunalakwe inu. Pulogalamu yotere ilipo, ndipo si imodzi yokha. Obsidian imene mwana wanuyo akunena ndi imodzi mwa izo, ndipo ndiyo ndingakusankhireni, ngakhale pa za ubongo wachiwirizo ndili nawo mawu. Koma ndisanafike ku mayina, ndiloleni ndiyambe ndi chimene chinachitika pamsonkhano paja. Mukachimvetsa chimenecho mudzatha kusankha nokha, ngakhale mapulogalamu onse amene nditchule pano atadzatha.

Maminitsi anu sanali m'foni mwanu. Munkawalemba ndi zala zanu, pafoni yanu, koma akangolembedwa ankapita kukasungidwa pa kompyuta ya kampani, mwina ku Ulaya, mwina ku America. Foni yanu inali zenera longosuzumirapo. Bandulo itatha zenera linatsekeka. Chimene amachitcha cloud ndi chimenechi basi, kompyuta ya eni ake imene ili kutali. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Maminitsi a sosaite anali pachala.

Ambiri opanga mapulogalamu amakhala kumene magetsi sazima, kumene intaneti sagula ya tsiku limodzi. Ife kuno tikudziwa mmene zimakhalira. Mu Novembala 2022 madzi atachepa kwambiri ku Kariba, bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina opangira magetsi a mbali ya Zimbabwe ayambe ayima, ndipo m'makomboni ambiri a Harare magetsi ankabwera anthu atagona n'kuzima kusanache. Chilala cha 2024 chinatibwezeranso pomwepo. Magetsi akakhalitsa osabwera nayo netiweki imafooka, chifukwa nsanja zake zimadalira mabatire ndi mafuta. Ndipo amene munalipo mu Januwale 2019 mukukumbukira masiku aja intaneti inatsekedwa m'dziko lonse, mpaka khoti lalikulu linagamula kuti kutsekako sikunatsate malamulo. Masiku amenewo anthu sanasiye kumwalira, sosaite sizinasiye kugwira ntchito, ndipo mlembi ankafunikabe kudziwa amene wapereka ndi amene sanapereke.

Palinso vuto lina limene silikhudza Harare yokha. Kampani imatha kusintha maganizo. Evernote inali pulogalamu yolembera yotchuka kwambiri kwa zaka zambiri. Kampani ya ku Italy yotchedwa Bending Spoons itayigula, mu Disembala 2023 ogwiritsa ntchito mwaulere anauzidwa kuti malire awo tsopano ndi zolemba 50 ndi kope limodzi. Ina yotchedwa Springpad inatsekeratu mu 2014. Sindikuwanena eni makampaniwa, malonda ndi awo. Ndikungoti nkhani za bambo anu zikufunika kukhalapo zaka 50 zikubwerazi, zidzukulu zanu zidzawerenge, ndipo palibe kampani imene ingakulonjezeni zaka 50.

Tsono pulogalamu iliyonse imene munthu angakuuzeni, muiyese motere. Zimitsani Wi-Fi, chotsani data, muitsegule, mulembe, musake mawu. Ikagwira ntchito yonse, yakhoza mayeso oyamba. Achiwiri ndi aakulu: mutaichotseratu pulogalamuyo pa laputopu, kodi zolemba zanu mungathe kuzitsegula ndi chinthu china, monga Notepad imene imabwera kale ndi Windows? Ikakhoza pamenepa, ndiye kuti zolembazo n'zanudi.

Mapulogalamu amene amakhoza mayeso achiwiriwa amasunga cholemba chilichonse ngati fayilo ya mawu okhaokha, yopanda zobisika. Ambiri amatsata kalembedwe kotchedwa Markdown, kamene John Gruber anatulutsa mu 2004. Dzinali lisakuopseni, n'zinthu zimene mphunzitsi aliyense amachita kale pabolodi. Mukayamba mzere ndi chizindikiro cha # ndiye kuti umenewo ndi mutu. Mukayamba ndi kamzere kopingasa ndiye kuti mukundandalika zinthu. Mawu mukawaika pakati pa nyenyezi ziwiri uku ndi ziwiri uku, amaoneka okhuthala. Fayilo yake imathera ndi .md, ndipo ndi yopepuka zedi. Mawu 1,000 a Chichewa safika 10 KB, kutanthauza kuti ngakhale mutalemba zolemba 10,000 zotalika choncho, zonse pamodzi sizipitirira 100 MB. Fulashi yaing'ono kwambiri imene mungagule m'tauni ingasenze zolemba za moyo wanu wonse, malo n'kutsala. Chimene chimadzaza malo ndi zithunzi ndi mawu ojambula.

Tsopano Obsidian. Anayipanga anthu awiri, Shida Li ndi Erica Xu, ndipo inatuluka mu 2020. Kuigwiritsa ntchito n'kwaulere, ndipo sikufunsani imelo kapena akaunti. Mukaitsegula koyamba imakufunsani foda imene mukufuna kusungamo zolemba. Fodayo iwo amaitcha vault, koma ndi foda wamba, yomwe mungaione mu Documents ngati ina iliyonse. Cholemba chilichonse ndi fayilo m'fodamo. Palibe batani la Save, imasunga yokha pakangopita masekondi ochepa, choncho batire ikakutherani mwadzidzidzi simutaya tsamba lonse. Ndalama eni ake amazipeza pa zinthu zowonjezera, monga kukutumizirani zolemba pakati pa foni ndi laputopu kudzera pa makompyuta awo, ndipo zimenezo simukakamizidwa kugula. Chimodzi ndikuuzeni poyera: mmene inalembedwera mkati mwake ndi chinsinsi cha eni ake, si ya open source. Ena zimenezi zimawavuta. Ine sizindivuta kwambiri, chifukwa mafayilo ali m'manja mwanga, ndipo tsiku limene idzandikhumudwitse ndidzangotsegula foda yomweyo ndi pulogalamu ina.

Chimene ndikuisankhira kwa inu kwenikweni ndi nkhani ya bambo anu. Munthu wamkulu sasimba nkhani motsata mzere. Lero akuuzani za kuwoloka Zambezi pa Tete, mawa za farm ya fodya kumene anayamba ntchito, mkuja abwerera kumudzi ku Dedza ali mwana, kenaka atchula mnzawo amene anayenda naye, yemwe mlungu wathawu anamutchulanso pa nkhani ya gule ku Mbare. M'kope zimenezi zimabalalika, chifukwa kope limatsata tsiku limene mwalemba. Mu Obsidian mukalemba dzina pakati pa zitseko ziwiri, chonchi [[Tete]], dzinalo limasanduka khomo. Mukalidina limatsegula cholemba cha Tete, ndipo pambali pake pamaoneka zolemba zonse zimene munatchulamo Tete, ngakhale munazilemba miyezi yotalikirana. Mnzawo uja mukamupatsa cholemba chake, pakutha pa chaka mudzapeza kuti mwasonkhanitsa mbiri yake yonse osadziwa, chidutswa apa, chidutswa apo. Bambo akatchula Ulere, malole aja ankanyamula ulele anthu obwera kudzagwira ntchito ku Southern Rhodesia, kapena Mthandizi wolemba anthu ntchito, kapena nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, chilichonse chipatseni khomo lake. Tsiku lina mukadzapita ku National Archives, kosungirako zolemba zakale za dziko, kuja kumsewu wa Borrowdale, mudzapita mukudziwa mayina ndi zaka zimene mukufuna.

Ku maphunziro a digiri n'chimodzimodzi. Mfundo imene mwaimva m'kalasi ya Loweruka lino imakumana ndi imene munawerenga chaka chatha, ndipo nthawi ya asayimenti simuyambira pa tsamba loyera. Za mabuku ndi mapepala amene mukuwatchula mu asayimenti, ikani Zotero pambali. Nayo ndi yaulere, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo imakulemberani mndandanda wa kumapeto uja umene umatidyera usiku wonse.

Pali kanthu kena kamene simudzakamva kwa anthu a pa YouTube, chifukwa iwo salemba Chichewa. Chinenero chathu chimasintha mawu kumayambiriro. Kuphunzira, maphunziro, mphunzitsi, anaphunzitsa, sitinaphunzire, onsewa ndi a banja limodzi, koma aliyense wayamba ndi zilembo zakezake. Chingerezi chimasintha kwambiri kumapeto, ndipo zosakira zambiri anazipangira Chingerezi. Mu Obsidian mukalemba phunz m'bokosi losakira, imakupezerani mawu onse aja, poti imayang'ana ndi pakati pa mawu pomwe. Mu pulogalamu ina imene nditchule posachedwapa, Joplin, kusaka kwa masiku onse kumafuna mawu athunthu, ndipo nyenyezi ya kumapeto imangothandiza pa mawu oyamba ndi zilembo zimene mwalembazo. Kuti isake pakati pa mawu muyenera kuyamba ndi kamzere kopendekera, chonchi /phunz. Zimatheka, koma muyenera kuzikumbukira. Kwa ife amene timasakaniza Chichewa, Chishona ndi Chingerezi m'cholemba chimodzi, ndipo Chishona nacho chimasintha kumayambiriro, kanthu kameneka si kakang'ono. Ndipo sankhani lero kuti muzilemba Malawi kapena Malaŵi, mawa kapena maŵa, n'kumamatira pamenepo. Kwa kompyuta w ndi ŵ ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo mukamasinthasintha mudzapeza theka la zimene mukusaka.

Chimene chingakuvuteni ndi laputopu yanu. Obsidian imanyamula mkati mwake injini yonga ya Chrome, choncho imadya RAM, malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Pa 4 GB imayenda, bola musatsegule Chrome ndi masamba khumi pa nthawi yomweyo. Mukaona kuti ikukokeka, pali ina yopepuka yotchedwa Zim. Dzinali silikuchokera ku Zimbabwe, anayipanga ndi Jaap Karssenberg wa ku Netherlands. Maonekedwe ake ndi akale, koma ndi yaulere, ya open source, imasunga mafayilo a mawu okhaokha, imalumikiza masamba, ndipo ndaiona ikuyenda bwino pa makompyuta amene ena anali atawataya kale. Kusowa kwake n'kwakuti ilibe inzake ya pafoni yochokera kwa mwini wake.

Joplin ndimailemekeza. Anayiyamba Laurent Cozic, inatuluka mu 2017, ndi yaulere ndiponso ya open source. Kaonekedwe kake ndi ka makope ndi masamba, kamene munthu amakamva tsiku loyamba lomwe, ndipo ya pafoni ndi ya pa laputopu zimagwirizana mosavuta kudzera pa Dropbox kapena OneDrive, malo osungirako mafayilo pa intaneti. Ili ndi loko wobisa zolemba zikamapita kumeneko. Amene akusamuka ku Evernote, Joplin imalandira mafayilo awo mwachindunji. Mayeso oyamba aja imakhoza bwinobwino. Achiwiri imakhoza ndi theka, chifukwa zolemba zonse imaziika m'nkhokwe imodzi ya SQLite imene Notepad singawerenge. Khomo lotulukira lilipo, mungathe kuzitulutsa zonse ngati Markdown nthawi iliyonse, koma muyenera kukumbukira kutero. Mukadandiuza kuti ntchito yanu yaikulu ili pafoni ndipo mukungofuna makope aukhondo, ndikadati Joplin. Ziliponso Logseq, imene imakutsegulirani tsamba la tsiku n'kumalemba zonse ngati timizere, ndi CherryTree, imene imasanja zolemba ngati nthambi za mtengo ndipo imatha kutseka fayilo yake ndi pasiwedi. N'zabwino, koma musazitsitse zonse. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono za ubongo wachiwiri zija. Mwana wanuyo akufunirani zabwino, ndipo ndikudziwa zimene waona: chithunzi cha timadontho tolumikizana ngati ukonde wa kangaude, ndi anthu oonetsa zowonjezera makumimakumi zimene aika mu Obsidian yawo. Zowonjezerazo, zimene amati ma plugin, zilipo zoposa 1,000, ndipo ndaona anthu akutha mwezi wonse akukongoletsa pulogalamu osalembamo kanthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anthu amenewa amakonda kutchula Niklas Luhmann, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Bielefeld ku Germany, amene anamwalira mu 1998 n'kusiya timapepala pafupifupi 90,000 m'madirowa a matabwa, kalikonse ndi nambala yake yolozera ku tinzake. N'zoona, ndipo analemba nato mabuku ambiri. Koma chimene chinamuthandiza ndi chakuti ankawerenga tsiku ndi tsiku n'kulemba mfundo m'mawu akeake, kwa zaka makumi angapo. Madirowa sankamuganizira. Pulogalamu nayo sidzakuganizirani. Ntchito yake ndi yosunga ndi kukubwezerani zimene mwaikamo, ndipo imeneyo ndi ntchito yokwanira. Miyezi itatu yoyamba musaike plugin ngakhale imodzi. Pangani mafoda anayi okha, la sukulu, la digiri, la sosaite, la bambo. Dzina la cholemba cha msonkhano liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-03-09, kuti zizisanjika zokha motsata nthawi.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsere kwambiri, Mayi, chifukwa walira mvula walira matope. Zolemba zikakhala pa laputopu yanu yokha, palibe kampani imene ingakutsekereni, komanso palibe kampani imene ikukusungirani. Mlonda ndinu.

Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Agogo anga aakazi ndinawajambula mawu maulendo angapo akusimba za kwawo ndi kuimba nyimbo za pamtondo, ndipo zambiri ndinali nditazilemba kale. Zonse zinali pa laputopu imodzi. Usiku wina magetsi anabwera ndi mphamvu yopitirira, laputopu ili pa chaja, ndipo kutacha sinayakenso. Hard disk yake ndinazungulira nayo kwa okonza atatu m'tauni, palibe anatulutsamo kanthu. Agogo anali atatisiya chaka chapitacho. Mpaka lero pali nyimbo imodzi imene ndimakumbukira chiyambi chake chokha, ndipo palibe wondimalizitsira. N'chifukwa chake kalata yanu itafika pa bambo anu ndinaima kaye osapitiriza kuwerenga.

Lamulo limene akatswiri amatsata ndi losavuta: zinthu zofunika zikhale m'malo atatu, pa zida zamitundu iwiri, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba yanu. Kwa inu zikutanthauza laputopu, fulashi imodzi ya m'nyumba, ndi fulashi yachiwiri imene ikhale kwa m'bale wanu ku Highfield kapena ku Chitungwiza, kapena m'kabati yokiya kusukulu. Poti vault ndi foda wamba, kusunga kwake ndi kukopera foda yonse n'kuiika pa fulashi, n'kulemba deti pa dzina lake. Sankhani tsiku, mwina Lamulungu madzulo mukamakonzekera sabata, muzichita osadumpha. Fulashi ya m'nyumba isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wokutsomphola chikwama pa renki ya makombi amatenga zonse ziwiri. Musagule fulashi zotchipa kwambiri za m'mbali mwa msewu zolembedwa kukula kodabwitsa, zambiri zimanama, zimalandira mafayilo n'kuwaononga mwakachetechete. Ndipo kamodzi pa miyezi ingapo tengani fulashiyo, muiike pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo awiri atatu muone ngati akuwerengeka. Tsiku limene mwapeza Wi-Fi kusukulu kapena kwa mnzanu, palibe cholakwika kuponyanso foda yomweyo pa Google Drive. Cloud ndi malo abwino osungirako kope lachitatu. Chimene ndikukana ndi chakuti ikhale malo okhawo.

Mu Obsidian muli kale kachida kotchedwa File recovery, kamene kamasunga mmene cholemba chinalili mphindi zingapo zapitazo, kwa masiku 7. Kamathandiza mukafufuta ndime mwangozi. Koma kali pa laputopu yomweyo, ndiye laputopu ikapita nako kapita.

Mufunsa kuti nanga pamsonkhano wa sosaite muzinyamula laputopu? Ayi. Obsidian ili ndi inzake ya pafoni ya Android, yaulere, imene nayo imawerenga foda ya m'foni momwemo popanda data. Njira yosavuta kuposa zonse ndi chingwe cha USB: Loweruka madzulo koperani foda ya sosaite kupita m'foni, basi. Mukazolowera, mwana wanuyo akuikireni Syncthing. Imeneyi imafananitsa mafoda pakati pa zida zanu mwachindunji, osadutsa pa kompyuta ya kampani iliyonse, ndipo foni ndi laputopu zikakhala pa Wi-Fi imodzi m'nyumba zimatumizirana ngakhale intaneti kulibe. Ya Android imene eni ake ankatulutsa anaisiya kumapeto kwa 2024, tsono afunefune yotchedwa Syncthing-Fork. Chenjezo ndi limodzi, kufananitsa si kusunga. Mukafufuta fayilo pafoni, pa laputopu imafufutikanso. Ndipo mukasintha cholemba chimodzi mbali zonse ziwiri zisanalankhulane, mudzapeza mafayilo awiri, ina ili ndi mawu akuti sync-conflict m'dzina lake. Musachite mantha, tsegulani zonse ziwiri, muphatikize ndi manja. Fulashi zija zikhalepobe.

Mabuku a sosaite ali ndi mayina a anthu, manambala a foni, matenda, ngongole. Mafayilo a Markdown alibe loko, wotenga laputopu yanu angathe kuwawerenga ngati kalata yosamata. Ngakhale loko wa Joplin uja amateteza zimene zapita pa intaneti, osati zimene zili pa laputopu. Ikani pasiwedi pa Windows, ndipo foda ya sosaite ngati mungathe ikhale m'bokosi lotsekedwa ndi VeraCrypt, yomwe ndi yaulere. Pasiwedi ya bokosilo ilembeni papepala, mupatse wapampando kapena msungichuma m'envulopu yomata, chifukwa mukaiiwala palibe munthu padziko angakutsegulireni, ndipo sosaite iyenera kupitirira ngakhale mlembi atadwala. Za ndalama zenizenizo, zopereka za mwezi ndi mwezi, musaziike m'pulogalamu yolembera. Zimenezo ndi za Excel kapena LibreOffice Calc, imene ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. Ndipo poti kuno timalandira madola a America, ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, ndi zina zotumizirana pafoni pa EcoCash, ndalama iliyonse ikhale ndi danga lake, pamodzi ndi deti. Buku lalikulu la pepala limene akuluakulu amasainamo musalitaye. Limenelo ndilo anthu amakhulupirira pakabuka mkangano.

Za Windows 10 yanu, Microsoft inasiya kuisamalira mwa masiku onse pa 14 Okutobala 2025. Laputopu sisiya kugwira ntchito, ndipo mapulogalamu onsewa amayendabe, koma samalani ndi zimene mukutsitsa pa intaneti ndi fulashi za anthu ena. Ikadzatopa, Linux Mint, imene imalowa m'malo mwa Windows, imaukitsa makompyuta akale ambiri, ndipo Obsidian, Joplin ndi Zim zonse zimapezeka kumeneko. Foda yanu mudzangoinyamula mmene ilili. Potsitsa Obsidian pitani pa tsamba la eni ake, obsidian.md, osati kwina. Fayilo yake ndi yoposa 100 MB, choncho dikirani Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, ndipo mukaitsitsa isungeni pa fulashi kuti aphunzitsi anzanu asaonongenso data yawo.

Posamutsa zakale musadzipanikize kuti zonse zilowe sabata imodzi. Za pa WhatsApp zili ndi njira yachidule: tsegulani macheza amene mumadzitumizira aja, sankhani Export chat, ndipo mupeza fayilo ya mawu imene mungaiponye mu vault n'kusintha mathero ake kukhala .md. Za m'pulogalamu inakukanani ija, tsiku limene muli ndi bandulo zitulutseni zonse, osasiyako. Makope a pepala ajambuleni ndi foni, zithunzi muziike m'foda, ndipo mulembenso ndi manja masamba okhawo amene mukuwafuna pa nthawiyo. Maminitsi a misonkhano itatu yapitayi ndiwo alowe poyamba, kuti Lamulungu likubwerali akhale m'foni mwanu, data ilipo kapena palibe.

Koma bambo musawadikiritse mpaka pulogalamu itakhazikika. Mawa lomwe khalani nawo pansi, foni ili pa kujambula mawu, muiike pafupi ndi iwo, wailesi itazimitsidwa. Afunseni dzina la mudzi, nyakwawa yake, mfumu yaikulu ya deralo, mfunda wawo ndi wa mayi awo, mayina a alongo awo amene anatsala kumudzi, mtsinje umene ankatungako madzi. Mayinawo muwalembe mmene iwo akuwatchulira, musawakonze kuti afanane ndi a pamapu. Akasakaniza Chichewa ndi Chishona kapena Chilapalapa cha kufamu, zisiyeni momwemo. Mawu ojambulawo Obsidian imawasewera mkati mwa cholemba mukangokokera fayilo yake mmenemo, choncho liwu lawo ndi zolemba zanu zidzakhala patsamba limodzi. Madzulo omwewo, musanagone, koperani fayiloyo pa fulashi.